Matumba Amene Bambo Anasoka

Bambo anga anasoka matumba zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Sanali telala. Ankagwira ntchito kudepoti yogula mbewu, ndipo gawo lawo linali kutseka kukamwa kwa thumba likadzaza. Thumba likatsika pa sikelo, onyamula ankaliimika patsogolo pawo, iwo n'kupinda milomo yake, n'kulowetsa singano yaitali, yokhota kunsonga. Ankabaya kakhumi ndi kanayi, osapitirira, osaperewera, n'kusiya makutu awiri m'mbali oti onyamula agwirepo. Thumba losokedwa ndi bambo linkatha kugwa kuchokera pamwamba pa lole osataya njere ngakhale imodzi. Izi sindinazione ndi maso anga, koma ndinazimva kambirimbiri, ndipo wondiuza anali mwini wake.

Anthu ankawatchula kuti Asingano. Dzina lawo lenileni linkangomveka kuchipatala. Khungu la chala chawo chachikulu linali louma ngati chiboda cha mbuzi, moti khala likagwa pamphasa ankalizimitsa ndi chalacho osasiya nkhani imene akukamba.

Chaka china kudepoti kunabwera makina osokera matumba, kachinthu konyamula m'manja, kolira ngati mavu. Thumba limene bambo ankalitseka akuimba, makinawo ankalitseka munthu asanameze malovu. Akapitawo anawagwira chanza, kuwathokoza pamaso pa onse, n'kuwapatsa wotchi ya pakhoma. Bambo anabwera kumudzi ndi wotchiyo m'khwapa, singano itabayidwa pakolala ya jekete.

Kulima sikunali kwawo. Mizere yawo inkayamba bwino kumtunda, ikafika pakati pa munda n'kuyamba kuganiza zina. Amayi ankaima m'mphepete, manja m'chiuno, n'kunena kuti, "Taonani, ana inu, mizere ya bambo anu ikupita kumowa." Koma ikafika Juni, mphepo yozizira itayamba kuyoyola masamba, chimanga chitauma n'kutonoledwa, bambo ankatsitsimuka ngati chule pa mvula yoyamba. Ankayenda khomo ndi khomo kusokera anthu matumba. Sankafuna kanthu. Ankangofuna mpando ndi anthu oonerera.

Mdani wathu chaka ndi chaka anali nankafumbwe. Tinkakolola mu Meyi, kusunga mu Julayi, koma pofika Disembala ukasisita thumba dzanja linkatuwa. Mankhwala othira m'chimanga tinkagula, ena enieni, ena phulusa lovekedwa botolo. Ndiye kuyambira Januwale mpaka chimanga chachiwisi chitakhwima mu Malichi, m'nyumba munkakhala chete wa mtundu wina, chete wa anthu amene akumvetsera mphika.

Chaka chimene ndikunenachi, kwathu kunafika bungwe lothandiza alimi. Linatiuza kuti tipange kalabu, ndipo tinapanga, mabanja khumi. Ine anandisankha kukhala mlembi chifukwa ndimalemba zooneka bwino, komanso chifukwa tsiku la chisankho ndinali ndi cholembera pamalaya. Ndinali ndi zaka makumi atatu, mkazi ndi ana awiri, koma tinkadya mphika umodzi ndi makolo, ndipo chimanga chathu chonse chinkakhala m'kachipinda kamodzi kopanda zenera, momwe munkakhalanso makasu ndi njinga yakufa.

Mu Epulo, udzu utayamba kufiira kunsonga, kalabu iliyonse inatumiza mlembi wake kumaphunziro, kuti akabwerako akaphunzitse anzake. Tinakhala m'kalasi ya ana, mawondo akugunda madesiki. Alangizi anali mayi wamfupi woyenda pa njinga yamoto, wolankhula mofulumira ngati mvula ikumuthamangitsa. Anatisonyeza thumba lachilendo: matumba awiri a pulasitiki m'kati, lachitatu kunja lofanana ndi athu a masiku onse. Umathira chimanga chouma bwino, n'kufinya mpweya wonse, n'kupota khosi la thumba loyamba, kulipinda, kulimanga ndi mphira kapena chingwe. Lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu chimodzimodzi. Nankafumbwe amene walowa ndi chimanga amafera momwemo posowa mpweya, ndipo wakunja sapeza polowera. Mankhwala osafunika.

"Thumba ili mdani wake ndi chibowo," anatero alangizi. "Khoswe, msomali, munga, singano. Makamaka singano, chifukwa ndikukudziwani. Mwamva, alembi? Osasoka!"

Ndinalemba m'kope langa mawu amenewo ndi zilembo zazikulu, n'kudula mizere iwiri kunsi kwake. Ndikukumbukira kuti ndinatenga kanthawi kusirira mmene mizereyo inawongokera.

Za bambo ndinaziganizira pobwerera. Ndinati nkhani yaing'ono iyi, ndikawauza lero lomwe. Ndinawapeza pakhonde akukwecha singano ndi mchenga kuti iwale, Juni akadali kutali. Ndinati ndiwauza mawa. Mawa limenelo linatenga miyezi itatu.

Matumba anafika mu Julayi, Lachinayi, ine ndili kuchipatala kokazonda apongozi. Banja lililonse linalandira ake, ife asanu. Phunziro langa linali Loweruka. Nditabwera Lachisanu masana ndinapeza matumba athu asanu ataima pamzere pakhonde, odzaza, makutu ali m'mwamba ngati abulu. Bambo anali atavala jekete ya kudepoti.

"Tabwera uone," anatero. "Awa ndi matumba a anthu olemera. Atatu m'limodzi! Za m'katizi zimaterera, koma ndazipezera nzeru. Umapinda onse atatu pamodzi, n'kubaya kamodzi."

"Bambo..."

"Gwira apa. Koka. Koka ndithu, kodi sunadye kwa apongozi ako?"

Ndinakoka. Msoko unali wolimba ngati wobadwa nawo.

"Paja pathumbapa pali zithunzi," ndinatero, mawu akutuluka ngati a nkhuku yonyowa. "Akuonetsa kumanga."

"Ndaziona. Zimenezo ajambulira anthu osadziwa kusoka. Kodi kumene amapanga matumbawa akudziwa kuti kuno kuli ine?"

"Alembereni kalata muwadziwitse, alembi," anatero amayi ali kukhitchini.

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limene anabwera ndi wotchi m'khwapa sindinawaonepo nkhope ikuwala chotero. Ndinayang'ana tizibowo ta singano. Tinali tating'ono, ndipo ulusi unali utadzaza momwemo. Ndinadzifunsa kuti mpweya wake uti wosowa chochita woti n'kumafunafuna tizibowo totere. Pofika nthawi ya chakudya ndinali nditadzikhutiritsa kuti alangizi anangokokomeza, monga amachitira aphunzitsi onse.

Loweruka mabanja onse khumi anasonkhana pabwalo pathu. Ndinatsegula kope n'kuyamba kuwerenga ndi mawu a munthu wobwera kumaphunziro. Chimanga chiume mpaka chizilira pa dzino. Osathira mankhwala. Matumba akhale pa matabwa, asagunde khoma. Yambani kudya cha m'matumba akale, atsopanowa musawatsegule mpaka Disembala, pamene alangizi adzabwere ndi alendo kudzaona. Anthu ankagwedeza mitu. Ndiye chala changa chinafika pa mawu a mizere iwiri aja.

Bambo anali pamzere wakutsogolo, singano pakolala, ulusi utakolekedwa m'khosi, manja pa mawondo ngati mwana wodikira kuitanidwa dzina. Ndinatsokomola. Ndinatembenuza tsamba.

"Za katsekedwe ka thumba," ndinatero, "akatswiri tili nawo pompano."

Anthu anaomba m'manja.

Mmodzi yekha sanaombe: azakhali, mlongo wawo wamng'ono wa bambo. Awiriwa anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi osalankhulana, chifukwa cha mtengo wa mango umene unamera pamalire a minda yawo, mizu kwa wina, nthambi kwa wina. Azakhali sakanalola singano ya achimwene awo kukhudza chinthu chawo ngakhale dziko likutha. Kuwerenga sadziwa. Anapita kwawo, kuyala thumba pansi, kuyang'ana zithunzi, n'kumanga matumba awo ndi mphira wa chubu chakale cha njinga. Bambo atamva anapukusa mutu. "Amanga ngati akumanga mbuzi," anatero.

M'masiku asanu ndi atatu bambo anasoka matumba makumi anayi ndi anayi, a mabanja asanu ndi anayi. Ine, amene ndinapita kumaphunziro, ndinkayenda pambuyo pawo nditanyamula ulusi.

Alangizi anali ndi midzi yambiri, ndipo njinga yawo yamoto inkakhala kwa amakaniko kuposa pamsewu. Anandiimbira foni kumayambiriro kwa Ogasiti.

"Alembi, zayenda?"

"Zayenda bwino kwambiri, mayi."

"Matumba onse atsekedwa?"

"Onse, mayi. Mwamphamvu."

Anandithokoza. Anati alembi onse akanakhala ngati ine, bwenzi iwo akunenepa.

Ogasiti anadutsa ndi akamvuluvulu ake. Mu Seputembala mitengo inatulutsa masamba ofiira, ofewa, mvula isanaganize n'komwe zobwera. Okutobala anafika ndi dzuwa loswa mtengo, nyenje zikulira kuyambira m'mawa. Masana ena ndinalowa m'kachipinda kaja kukatenga khasu. Munali chete, koma osati chete weniweni. Ndinaika khutu pa thumba. M'kati munkamveka kaphokoso ngati mvula yowaza padenga la udzu, kutali. Thumba linali lofunda. M'mbali mwa msoko munali kafumbi koyera, kosalala ngati ufa wosefa kawiri.

Ndinakapukuta ndi dzanja la malaya, ngati kuti vuto linali fumbilo.

Ndikanalankhula tsiku limenelo, chambiri chikanapulumuka. Dzuwa linalipo lokwanira kuyanika chimanga cha mudzi wonse. Ndinatuluka ndi mtima wonse wofuna kunena. Ndinapeza bambo pamthunzi akufotokozera mlendo wina za thumba lija logwa pa lole, dzanja lili m'mwamba kusonyeza kutalika kwake. Anandiyang'ana.

"Nchiyani?"

"Bambo... khasu lija lili kuti?"

"Lili m'manja mwakomo," anatero, n'kupitiriza nkhani.

Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala, tinadzala, ndipo pakati pa Disembala chimanga m'minda chinali chitafika m'akakolo. Cha m'matumba akale chinali chitatha pafupifupi m'nyumba zonse. Tsiku lotsegula linafika. Alangizi anabwera pa galimoto yoyera ndi alendo awiri a kubungwe, mafoni ali m'manja okonzeka kujambula. Anasankha kuyambira kwa mlembi wawo wodalirika. Tinayala mphasa pabwalo, kalabu yonse itazungulira, ndipo amuna awiri anatulutsa thumba ataligwira makutu.

Alangizi anali pakati pa chiganizo, akumwetulira alendo. Ataona makutuwo anaima.

"Wasoka ndani thumba ili?"

Bambo anaimirira, n'kukonza kolala. "Ndine, mayi. Kakhumi ndi kanayi. Mutha kuwerenga."

"Lokhali?"

"Onse a kalabu ino. Kupatula a munthu mmodzi wamakani."

Alangizi anapempha mpeni. Bambo anakana. "Msoko wanga sadula ndi mpeni," anatero. Anamasula kansonga kamodzi, kukoka, ndipo ulusi wonse unatuluka myaa, wathunthu, woti n'kusokeranso thumba lina. Wina kumbuyo anayamba kuomba m'manja. Kenako amuna awiri aja anapendeketsa thumba.

Choyamba kutuluka linali fumbi, n'kukwera ngati utsi. Kenako fungo, lowawasa, la chinthu chimene chadyedwa kale ndi wina. Njere zinagwa mopepuka, zobooka mbali zonse, ndipo anankafumbwe anabalalika pamphasa ngati anthu pamsika mvula ikayamba. Mlendo mmodzi anatsitsa foni yake pang'onopang'ono.

"Alembi," anatero alangizi, osakweza mawu. "Sindinanene?"

"Munanena, mayi."

"Simunalembe?"

"Ndinalemba."

"Analemba chiyani?" anafunsa bambo. "Iwe, katenge kopelo."

Linali m'manja mwanga kale. Ndinatsegula.

"Werenga mokweza. Makutu angawa anatha ndi malole."

"Osasoka."

"Basi?"

"Basi."

Anatenga kope, kuliika patali ndi maso. Zilembo amazidziwa zochepa, za pamatumba. Anaika chala chawo chouma chija kunsi kwa mawuwo.

"Mizere iwiriyi ndi ya chiyani?"

"Kusonyeza kuti n'zofunika, bambo."

"Oo," anatero, n'kundibwezera.

Alangizi anawafotokozera za mpweya, modekha, monga anatifotokozera ife mu Epulo. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili m'manja.

"Ndifunse, mayi. Ndikanasoka moipa, zikanasiyana?"

"Chimodzimodzi, bambo."

"Ndikanapanda kusoka?"

Alangizi anayang'ana pansi. "Bwenzi chimanga chili bwino."

Anthu sanadikire kutsanzikana. Aliyense anathamangira kwawo kukatsegula ake, ndipo posakhalitsa mawu anayamba kumveka khomo ndi khomo, ena olira, ena otchula dzina langa pamodzi ndi nyama zosiyanasiyana. Apampando a kalabu, amene ndi mmisiri womanga nyumba, anabwerera atatuwa ndi fumbi mpaka m'zikope. "Alembi," anatero, "chaka chino tidya zolemba zanu. Mutiuze ndiwo yake."

Kuti alendo asabwerere opanda chithunzi, alangizi anakatenga thumba la azakhali. Anamasula mphira woyamba, wachiwiri, wachitatu. Chimanga chinatuluka choyera, cholemera, chikulira pamphasa ngati timiyala. Pamwamba panali anankafumbwe ochepa, ouma, miyendo m'mwamba.

"Ine kusukulu sindinapiteko," anatero azakhali, akuyang'ana mitambo. "Ndimangoona zithunzi."

Bambo sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Amayi anangoti, "Manyazi anapha lambe," n'kulowa kukhitchini. Mkazi wanga anatha sabata akundipakulira ngati mlendo amene wachedwa kutsanzika.

M'mawa mwake bambo anatenga sefa ndi lichero, zinthu zimene sanazigwirepo chibadwire, n'kundiuza kuti, "Tiye." Tinayenda makomo onse asanu ndi anayi, kuphatikizapo lathu. Akafika ankavula chipewa n'kunena kuti, "Ndabwera kudzamasula zimene ndinasoka." Tinkasefa fumbi, kupeta, kusankha njere zotsala, kuyanika dzuwa likatuluka, kuthamanga nazo mvula ikabwera. Amayi a m'makomomo poyamba ankatiyang'ana mwaukali, koma kuona Asingano akupeta, theka la chimanga likugwera pa nsapato zawo, kunkawathera mphamvu. Ankawalanda lichero akuseka. Dzina langa bambo sanalitchule pakhomo lililonse. Ankangoti, "Singano inali yanga."

Pa matumba athu asanu panatsala limodzi ndi theka. Ufa wake unali wotuwa, wowawa kukhosi. Alangizi anachita zimene akanatha: anatibweretsera mbewu ya mbatata yocha msanga ndi nyemba zodzala m'mizere ya chimanga. Inali mphatso yabwino, ndipo tinadzala tsiku lomwelo. Koma mimba sidikira miyezi itatu.

Pakati pa Januwale amayi anagwedeza chitini cha ufa pamaso pa bambo. Mvula inali ikugwa tsiku lachinayi mosalekeza, minda yonse yobiriwira mpaka kuwawa m'maso, chimanga chikuyamba kumasula ngayaye, koma chodya palibe. Mwana wanga wamng'ono anali atasiya kuthamanga pabwalo. Itakata mvula, bambo anavala jekete.

"Tenga wilibala."

Sindinafunse kuti tikupita kuti. Njira ya kwa azakhali inali itamera udzu kumbali yathu.

Tinawapeza pakhonde akusadzula masamba a maungu.

"Odi," anatero bambo.

"Ndani? Maso angawa... Ee! Akatswiri ndi alembi awo."

Bambo sanadikire mpando. Anakhala pansi, pa dothi lonyowa, n'kuvula chipewa.

"Mlongo wanga, zidzukulu zikugona ndi njala."

"Zidzukulu zanu nokha? Ine si zanga?" Azakhali anataya masamba m'lichero. "Mwachedweranji, achimwene? Thumba ndinaliika padera mu Disembala. Tsiku lililonse ndimayang'ana njirayi. Ndimati kapena akudikira kuti ndiwalembere kalata."

Bambo anatembenuza chipewa m'manja. "Za mango aja..."

"Mango musawatchule, mungabwerere chimanjamanja."

Sanawatchulenso. Azakhali anatipatsa thumba lathunthu, osalitsegula, n'kutiuza kuti munda wawo ukufunika kubandira ndipo makasu awiri akwana. Kwa ine anangoti, "Iwe, ukanyamule ndi msana, osati ndi cholembera."

Pobwerera ndinkakankha wilibala m'matope, bambo akuyenda pambali, maso ali pa khosi la thumba. Tinadutsa munda wonse wa apampando.

"Mfundo yake ndi yonyansa," anatero bambo.

Tinayendanso.

"Koma yagwira."

Thumba limenelo, polidya kamodzi patsiku, linatifikitsa kumapeto kwa Febuluwale. Masabata atatu otsatira tinakhalira maungu anthete, masamba ndi nyemba zaziwisi. Bambo anayamba kudandaula mano pa nthawi ya chakudya, n'kumakankhira mbale yawo kwa ana. Mano omwewo ankaluma nawo ulusi. Lamba wawo anamuboola chibowo china, kenako china. Makomo enawo anapulumuka monga momwe anthu amapulumukira: ganyu, abale akutali, mbuzi yogulitsidwa nthawi yake isanakwane. Palibe amene tinamuika m'manda, koma banja lina linagulitsa malata a nyumba imene linali lisanafolere, ndipo mpaka lero ndikadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali.

Bambo anandifunsa kamodzi kokha. Tinali m'munda wa azakhali, tikubandira, iwo mzere wawo, ine wanga.

"Unkaopa chiyani?"

"Kukukhumudwitsani, bambo."

"Ndiye wandisangalatsa?"

Anakwezera dothi pa phesi, kulipondaponda.

"Makina aja anandichotsa ntchito masana, anthu akuona. Ndinabwera kuno ndi miyendo yanga, ndinadya, ndinagona. Iwe n'kuganiza kuti mawu amodzi andipha?" Anapukuta thukuta ndi chipewa. "Unandiyesa mwana. Chimenecho ndiye chikundiwawa. Chimanga chimamera."

Chinameradi. Mu Malichi tinathyola chachiwisi choyamba, ndipo mwana wanga wamng'ono anadya zinayi n'kugona atagwira chachisanu. Mbatata ya alangizi inabereka mu Epulo. Mu Meyi tinakolola, mizere ya bambo yokhota ija itabereka monga ina yonse.

Bungwe linavomera kutipatsanso matumba. Mu Juni, mphepo yozizira itabwerera, kalabu inakumana pabwalo pathu kuti ikonzekere, ndipo nkhani yoyamba inali ya ine. Apampando anati mlembi achoke. Manja anakwera ambiri, la mkazi wanga lomwe. Ine ndinkalemba chiwerengero cha manjawo, poti inali ntchito yanga.

Bambo anaimirira.

"Apampando, musamuchotse. Kulemba amalemba, tonse taona. Palibe chimene anasiya. Mungosankha munthu woti azimuwerengetsa."

Anthu anaseka, kenako anasiya kuseka n'kuyamba kuyang'anana. Ofuna kugwira cholembera panalibe. Ndiye anasankha azakhali.

"Ine? Osadziwa ndi 'a' yemwe?"

"Mizere mumatha kuiwerenga," anatero bambo. Aka kanali koyamba kuwayankha mlongo wawo pagulu m'zaka zisanu ndi ziwiri.

Tsiku lomwelo ntchito inayamba. Ndinali nditabwera kumene kumaphunziro ena, a kapangidwe ka manyowa. Azakhali anakokera mpando wawo pafupi ndi wanga, kulanda kope, n'kutsitsa chala kuyambira pamwamba pa tsamba mpaka pansi, milomo ikuyenda. Anandibwezera. Ndinawerenga zonse, mokweza, za mapesi, ndowe, phulusa ndi madzi, iwo akupinda chala pa mzere uliwonse. Nditamaliza ndinatseka kope.

"Tsegula," anatero azakhali. "Pali mizere khumi ndi itatu. Wawerenga khumi ndi iwiri."

"Winawo ndi deti chabe, azakhali."

"Werenga," anatero bambo, osatembenuka.

Ndinawerenga deti.